Nyenyezi za pa msewu wa ku Joni

Pa ulendo wa ku Joni, nyenyezi zimaoneka bwino basi isanafike ku Joniko. Basi yonyamuka pa Wenela mumzinda wa Blantyre imatulukira pa chipata cha Mwanza, kulowa m'Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Ndi ulendo wa masiku awiri, mwina kuposerapo mizere ya pa zipata ikatalika, choncho mdima umawapeza anthu ali pamsewu. M'mwezi wa Juni mitambo imakhala itatha. Basi ikaima patchire pakati pa Masvingo ndi Beitbridge kuti anthu awongole miyendo, thambo limakhala lodzaza nyenyezi mpaka m'nsonga za mitengo. Ambiri sakweza maso. Mtima umakhala pa pasipoti, pa masiku amene akapatsidwe pa chipata, ndi pa matumba a mpunga ndi usipa amene atumidwa ndi abale. Koma wokweza maso amaona Mlalang'amba utayala ngati utsi wa lupsa kuchokera mbali ina ya thambo kufika mbali ina, ndipo kummwera kuli nyenyezi zinayi zokhala ngati mtanda, ndi zina ziwiri zowala kwambiri zoloza mtandawo.

Mtandawo umakwera pamene basi ikutsetserekera kummwera. Lilongwe ali pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta, Joni ali pa madigiri 26, ndipo thambo lonse la kummwera limaoneka litanyamuka ndi madigiri 12 amenewo, omwe ndi ochulukirapo pang'ono kuposa kukula kwa chibakera munthu atatambasula mkono. Amalinyero akale ankadziwa pomwe afika poyeza kukwera kwa nyenyezi motere. Kutsidya kwa Limpopo kuli tauni ya Musina, kumene kadamsana wathunthu anadetsa dzuwa m'mawa wa pa 4 Disembala 2002, patangopita chaka ndi theka kuchokera pamene wina anadetsa Lusaka pa 21 Juni 2001. Basi isanafike ku Polokwane, msewu wa N1 umadula mzere wotchedwa Tropic of Capricorn. Kumpoto kwa mzerewu, monga ku Malawi, dzuwa limafika paliwombo kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala komanso mu Febuluwale, ndipo masana a tsiku lotero mtengo woima chilili umasowa mthunzi. Kummwera kwake zimenezi sizichitika. Ku Joni dzuwa la masana limapendekera kumpoto chaka chonse, n'chifukwa chake nyumba zoyang'ana kumpoto ndizo zimafunda m'chisanu.

Kuyambira ku Pretoria thambo limayera ndi magetsi. Pofika pa Park Station, depoti ya mabasi ya ku Joni, mlendo amatha kuwerenga nyenyezi zooneka ndi zala za m'manja. Chikhalirecho mzindawu uli pamalo abwino oonera kumwamba: uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chisanu chake n'chouma, chopanda chiperoni. Izi ndizo zinakopa akatswiri a zakuthambo a ku Ulaya ndi ku America zaka zana zapitazo, mpaka magetsi ndi utsi wa mzinda zinawathamangitsa.

Kuchokera pa Park Station, munthu amatha kuyenda wapansi kukwera ku Braamfontein mpaka pa yunivesite ya Witwatersrand, yomwe aliyense amangoti Wits. Msewu wodutsa pakati pa yunivesiteyi ndi Yale Road. Dzinali linabwera chifukwa yunivesite ya Yale ya ku America inaika telesikopu yake pamenepa mu 1925, n'kudzaisamutsira ku Australia zaka za m'ma 1950, komwe inakapsa ndi moto wolusa mu 2003. M'mbali mwa msewuwu muli nyumba ya denga lobulungira ngati chipanda chovundikira. Inatsegulidwa mu Okutobala 1960 ndipo inali nyumba yaikulu yoyamba mu Africa yoonetseramo thambo. Makina ake a Zeiss anagulidwa akale ku Hamburg m'dziko la Germany, ndipo anagwira ntchito zaka zoposa 60 mpaka nyumbayo inakonzedwanso, n'kutsegulidwa kumapeto kwa 2024 ndi dzina loti Wits Anglo American Digital Dome. M'kati mwake anthu amakhala pa mipando yopendekera chagada, magetsi amazima, ndipo thambo lomwe mzinda unabisa limabwerera padenga. Ana a sukulu amakuwa nyenyezi zikangotulukira. Ambiri a iwo ndi adzukulu a anthu amene ankazidziwa nyenyezi zomwezo ndi mayina.

Mayinawo alipo, ndipo ku South Africa analembedwa n'kulowa m'mabuku ophunzitsira. Lodziwika kwambiri ndi la kagulu ka nyenyezi zothithikana komwe Achewa ndi Amang'anja amati Nsangwe, Azungu amati Pleiades. Azulu ndi Axhosa amati isiLimela, Asotho ndi Atswana amati Selemela, Avenda amati Tshilimela, ndipo kutali ku gombe la Aswahili amati Kilimia. Wolankhula Chichewa safuna womasulira: m'mayina onsewa muli kulima. Maso amaona nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, koma telesikopu imaonetsa zoposa 1,000, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 440 kuti kufike kuno. Nsangwe imasowa chakumapeto kwa masika, n'kudzatulukiranso kum'mawa mbandakucha mu Juni. Axhosa anautcha mwezi wa Juni eyeSilimela, ndipo mwamuna ankawerenga zaka zake za uchikulire kuyambira pa chinamwali powerenga kuti isiLimela chatuluka kangati. Pofika Novembala Nsangwe imatuluka dzuwa likamalowa, nthawi yomwe ku Malawi minda imakhala itasoswa, mizere itaungidwa, anthu akudikira mvula yobzalira.

Apa ndi pamene nzeru za makolo ndi sayansi zimagwirana manja popanda kukakamiza. Dziko limazungulira dzuwa kamodzi pa chaka, choncho nyenyezi iliyonse imatuluka mofulumirako ndi mphindi zinayi usiku uliwonse. Pa mwezi zimakwana maola awiri, pa chaka zimakwana tsiku lathunthu, ndipo nyenyeziyo imabwerera pomwe inali. Ikasowa ndiye kuti yalowa kuseri kwa kuwala kwa dzuwa, ndipo tsiku lomwe iyambe kuonekanso mbandakucha silisuntha chaka ndi chaka. Makolo ankawerenga nthawi ndi mwezi, monga mawu oti mwezi akuchitira umboni, popeza ndi amodzi pa chowala cha usiku ndi pa gawo la chaka. Vuto lake n'lakuti mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pooneka kufika poonekanso, ndipo miyezi 12 yotere imangokwana masiku 354, kuperewera ndi masiku 11. Aliyense wokhala ku Mangochi kapena ku Machinga amadziwa zotsatira zake, chifukwa Ramadan imabwera mofulumirako ndi masiku amenewo chaka chilichonse, n'kumayendayenda m'nyengo zonse. Mlimi sangalole kuti nthawi yobzala iziyendayenda chotero. Nyenyezi ndiyo inkawongola chiwerengero cha miyezi, kuchibweza pa chaka cha dzuwa chomwe mvula imatsata. Ndi ntchito yomweyo imene kalendala ya pakhoma imagwira powonjezera tsiku mu Febuluwale.

Nyenyezi imanena tsiku basi, siinena za mvula. Mu 2023 Nsangwe inatuluka pa nthawi yake, koma El Niño anaumitsa minda, ndipo mu Malichi 2024 boma la Malawi linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Akuluakulu akale ankadziwa malire amenewa, n'chifukwa chake ankaphatikiza nyenyezi ndi kuphukira kwa mitengo, kulira kwa mbalame ndi komwe mphepo ikuchokera.

Nyenyezi ina yofunika m'dera lomwe Joni anamangidwa ndi Canopus, yachiwiri pa kuwala usiku. Asotho ndi Atswana amaitcha Naka, Avenda amati Nanga, kutanthauza nyanga. Chakumapeto kwa Meyi amuna ankagona kuphiri, atasonkha moto, kudikira kuti itulukire kummwera chakum'mawa kusanache. Kwa Avenda woiona poyamba ankaliza nyanga ya phalaphala, nyama yomwe Achewa amati mphalapala, ndipo mfumu inkamupatsa ng'ombe. Mphotho ya ng'ombe ikuonetsa kulemera kwa nkhaniyo: Naka inkalengeza kufika kwa chisanu chowawula msipu. Mtanda uja wa pa msewu wa Masvingo ndi nyenyezi zake ziwiri zoloza, Atswana ndi Asotho amati Dithutlwa, akadyamsonga, chifukwa mu Okutobala madzulo zimatsika mpaka kuoneka ngati zikudya nsonga za mitengo. Nyenyezi zitatu zondandana pakati pa Orion kwa iwo ndi nguluwe.

Pa Nthanda, anthu a kuno ndi a ku Malawi anaona chimodzimodzi koma anafotokoza mosiyana. Azulu amati iKhwezi ikaoneka m'mawa ndi isiCelankobe ikaoneka madzulo, Atswana amati Kopadilalelo, yopempha chakudya chamadzulo. Amang'anja anali ndi nthano yoti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wa kumadzulo, Puikani, amamudyetsa bwino mpaka anenepe, pomwe wa kum'mawa, Chekechani, amamumana mpaka aonde n'kutha. Sayansi imati akazi awiriwa ndi mmodzi, pulaneti ya Venus, yomwe imasinthana mbali n'kubwerera pomwe inayambira m'masiku 584, ndipo mwezi sunenepa koma umangoonetsa gawo lalikulu kapena laling'ono la mbali yowalitsidwa ndi dzuwa. Komabe wopeka nthanoyo anayang'ana bwino. Mwezi wongooneka kumene, womwe ukukula, umapezeka kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo wotsala pang'ono kufa umapezeka kum'mawa mbandakucha. Mwana womva nthanoyo kamodzi sangasokonezenso mwezi wokula ndi wotha.

Kumapeto kwa Yale Road kuli Origins Centre, nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2006, chaka chomwenso zojambula za pa miyala ya Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO. M'menemo muli zojambula za Asan, abale a Akafula a m'nthano za ku Malawi. Asan a fuko la |Xam ankati Mlalang'amba ndi phulusa lomwe mtsikana wina anatapa pamoto n'kuponya kumwamba, ndipo nyenyezi ndi mizu yomwe anaponya pambuyo pake, ina yofiira, ina yoyera. Nkhaniyi inapulumuka chifukwa Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd anailemba ku Cape Town zaka za m'ma 1870 kuchokera kwa ||Kabbo ndi anzake, amene anafika kumeneko ngati akaidi. Kusiyana kwa mitundu ya nyenyezi n'koona, ndipo lero kumayezedwa: yofiira ndi yozizirirapo, yoyera mobiriwira ndi yotentha kwambiri. Atswana amautcha Mlalang'amba kuti Molalatladi, pogona mphezi.

Pa zakale kwambiri pamafunika kudekha. Fupa la nyani lomwe linapezeka ku Border Cave m'mapiri a Lebombo lili ndi zaka zoposa 40,000 ndipo lili ndi mizere 29 yotemedwa. Ena amati ndi masiku a mwezi, koma fupalo n'lothyoka mbali imodzi ndipo mizereyo mwina inali yambiri. Nkhani yotchuka yoti Adogon a ku Mali ankadziwa za Sirius B, nyenyezi yosaoneka ndi maso, inachokera kwa Marcel Griaule, ndipo Walter van Beek atakafufuzanso sanaipeze pakati pawo. Zoterezi zimakoma m'makutu koma zimapeputsa makolo, ngati kuti nzeru zawo zimafunika chozizwitsa kuti zilemekezeke. Umboni wolimba uli m'mipukutu ya ku Timbuktu, momwe muli masamu a kayendedwe ka zakuthambo. Mmodzi mwa amene anaifufuza ndi Thebe Medupe, Mtswana wa kufupi ndi Mahikeng, yemwe anadzipangira telesikopu ali ndi zaka 13 nthawi ya nyenyezi yamchira ya Halley mu 1986, ndipo anadzakhala wofotokoza nkhani mu filimu ya Cosmic Africa.

Kum'mawa kwa tauni ya Joni, kupitirira Hillbrow ndi Yeoville kumene zinenero za Africa yense zimamveka pamsika, kuli dera lotchedwa Observatory. Pamwamba pa chitunda, mu Gill Street, pali nyumba zoonera zakuthambo zomwe zinapatsa deralo dzina. Malowa anayamba mu 1903 ngati ofesi ya zanyengo ya Transvaal, ndipo mkulu wake anali Robert Innes, wobadwira ku Edinburgh, yemwe anadziphunzitsa yekha zakuthambo akugulitsa vinyo ku Sydney. Mu 1915 Innes anayerekeza zithunzi ziwiri za dera limodzi la thambo zojambulidwa motalikirana zaka zisanu, n'kuona kanyenyezi kofooka katasuntha mofanana ndi Alpha Centauri. Anakatcha Proxima, kutanthauza yapafupi kwambiri. Mpaka lero palibe nyenyezi yodziwika yoyandikira dzuwa kuposa imeneyi. Kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi itatu kufika kuno, ndipo mu 2016 kunapezeka pulaneti yoizungulira. Alpha Centauri ndi imodzi mwa nyenyezi ziwiri zoloza mtanda zija. Kunena kwina, chomwe Innes anapeza ndi kanthu kobisala pambali pa mmodzi wa akadyamsonga a Atswana, ndipo njira yake inali yomweyo ya amuna ogona kuphiri kudikira Naka: kuyang'ana malo amodzi mobwerezabwereza ndi kusunga zomwe zaoneka. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankasunga pa galasi la chithunzi, iwo ankasunga m'mutu ndi m'mayina.

Telesikopu yaikulu ya pamalopa, ya galasi la mainchesi 26 ndi theka, inayamba ntchito mu 1925 ndipo idakalipo. Kafukufuku anasamukira ku Sutherland m'chipululu cha Karoo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chitundachi chinasanduka malo ophunzitsira ana sayansi. Ku Sutherland ndi kumene kunamangidwa SALT mu 2005, telesikopu ya magalasi 91 olumikizana.

Kuchokera m'zitunda za mzindawu, kummwera kumaoneka milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo ndiye anabala Joni, anabalanso Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi lomwe dzina lake linatsalira pa depoti ya ku Blantyre. Amalawi zikwizikwi anatsika pansi pa milu imeneyi mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kaye kulemba anthu. Golide amene ankakumbayo ali ndi mbiri ya kuthambo. Zaka mabiliyoni awiri zapitazo chimwala chochokera kumwamba chinagwa pa Vredefort, makilomita 120 kummwera chakumadzulo kwa Joni, n'kupinda miyala ya golide mwakuti ina inakwiririka n'kutetezeka ku kukokoloka, ina inatulukira m'mphepete momwe muli mzindawu. Za komwe golideyo anapangidwira, umboni unaoneka pa 17 Ogasiti 2017, pamene akatswiri anaona kugundana kwa nyenyezi ziwiri zakufa, zolemera koopsa, komwe kumapanga zitsulo zolemera monga golide. SALT inali m'gulu la matelesikopu oyamba kuyeza kuwala kwa kugundanako.

Gawo lomaliza la ulendo limafuna galimoto. Makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakumadzulo, kupyola mapanga a Sterkfontein, m'chigwa cha m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, muli Hartebeesthoek. Bungwe la NASA linamanga chimbale cha mamita 26 pamenepa mu 1961 kuti lizilankhulana ndi zombo zake, ndipo zithunzi zoyamba za Mars zojambulidwa pafupi ndi Mariner 4 mu 1965 zinalandiridwa ndi chimbale chimenechi. NASA itachoka pakati pa zaka za m'ma 1970, m'masiku a tsankho, chimbalecho chinatembenuzidwa kuti chizimvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Sichiona kuwala, choncho chimagwira ntchito usana ndi usiku. Kwa zaka zambiri chakhala chikutsata nyenyezi yakufa ya Vela, yomwe imazungulira ka 11 pa sekondi. Chimagwiranso ntchito ina yodabwitsa: pomvera zinthu zakutali zedi nthawi imodzi ndi zimbale za m'makontinenti ena, chimayeza kusuntha kwa nthaka yomwe chaimapo, ndipo chimapeza kuti Africa akusendera kumpoto chakum'mawa ndi masentimita awiri ndi theka pa chaka. Miyeso ya mtundu womwewu ndiyo imaonetsa kuti chigwa momwe muli nyanja ya Malawi chikung'ambika pang'onopang'ono.

Luso lomwe linakulira pa Hartebeesthoek ndilo linathandiza kumanga MeerKAT, zimbale 64 za ku Karoo pafupi ndi Carnarvon, zomwe zinatsegulidwa mu Julayi 2018 ndi chithunzi cha pakati penipeni pa Mlalang'amba. MeerKAT idzalowa mu telesikopu yaikulu koposa yotchedwa SKA, yomwe inayamba kumangidwa mu Disembala 2022 ndipo idzakhala ndi zimbale 197 ku South Africa. Lamulo la 2007 limateteza deralo ku mafunde a mafoni ndi mawailesi, chifukwa foni imodzi ya m'thumba imaphimba kunong'ona kwa nyenyezi. Maiko asanu ndi atatu a mu Africa ndi othandizana nawo pa ntchitoyi: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Malawi mulibe, ngakhale oyandikana naye awiri alimo. Mayina a nyenyezi a Chichewa nawonso sanasonkhanitsidwe mwakhama ngati a Chisotho ndi Chizulu. Nthanda idakali pakamwa pa aliyense, koma Nsangwe, Puikani ndi Chekechani akutsalira m'madikishonale akale ndi mwa agogo ochepa, pomwe asodzi a usipa a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, amene amadziwa kuti nyali sizikopa nsomba mwezi ukawala, amagwirabe ntchito ndi thambo usiku uliwonse.

Ku Magaliesberg kuwala kwa Joni kumatsalira kuseri kwa mapiri, ngakhale kumaonekabe chakummwera ngati moto wakutali. Wogona kumeneko kumapeto kwa Juni n'kudzuka cha m'ma 5 koloko, atafunda bulangeti chifukwa udzu umakhala utayera ndi chisanu, amapeza Naka itakwera kale kummwera chakum'mawa. Nsangwe imakhala ikungotulukira kumpoto chakum'mawa, maola awiri dzuwa lisanatuluke, ndipo imaoneka bwino munthu akailozetsa maso pambali pang'ono m'malo moiyang'ana mwachindunji, chifukwa m'mbali mwa diso ndimo muli timinyewa tomva kuwala kofooka.